Matanki Odzaza, Anthu Awiri

Tsiku loyamba kumuona, Wamafuta anamupusitsa.

Mtsikanayo anali atangoyamba kumene sukulu yoyendetsa ndege. Anaima pafupi ndi kandege ka mipando iwiri, buku m'manja. Wamafuta, mnyamata wothira mafuta pabwalo laling'onolo, anafika nkhope ili gwa.

"Achemwali, mwaipatsa moni? Imeneyi ukapanda kuipatsa moni siilira."

Mwana wa eni ake anawerama ndithu. "Mwadzuka bwanji, a ndege?"

A makaniko anaseka mpaka sipanala kugwa!

"Iwe! Ndidzakutaya m'mitambo!" anakalipa mtsikana uja.

"Ndiye kuti mudzandikweza kaye, eti?"

Basi, chinayambira pamenepo. Wamafuta ankamutchula Kaputeni. Mtsikanayo ankabwezera kuti Katundu, pakuti mnyamatayo anali wa makilo 104, wosabisika.

Nthawi ya nkhomaliro ankakhala pamthunzi wa phiko, Kaputeni n'kumayeserera zolankhula pa wailesi. Katundu ankakhala nsanja yoongolera ndege, akulankhulira m'kapu kuti mawu azimveka ngati enieni.

"Kaputeni, kuno ndi kunsanja. Tera basi, mumtima muno mulibe ndege ina."

"Chitsiru iwe, mayeso ndi mawa!"

Mayeso a zanyengo Kaputeni analephera kawiri, ndipo kawiri konse misozi inathera pa ovololo ya Katundu. Tsiku lomwe anauluka yekha koyamba, popanda mphunzitsi, Katundu anaima kumpanda osaphethira, mpaka matayala atagunda pansi. Anakuwa ngati wachinya chigoli ndi iyeyo!

Wophunzira saloledwa kunyamula munthu. Ndiye lonjezo linabwera tsiku lomwelo.

"Ndikangotenga laisensi, woyamba kukhala pambali panga ndiwe, Katundu wanga. Ndikulumbira."

Koma kandege kali ndi malire ake a kulemera. Anawerengera limodzi pachivundikiro cha buku.

"Ukatsika n'kufika 90, matanki tithire theka, tinyamuka," anatero Kaputeni. "Matanki odzaza ndiye iwalako. Amenewo ndi a wokwera wosaposa 60."

Abale, munaonapo munthu akusudzula shuga chifukwa cha chikondi? Miyezi isanu ndi iwiri! Zokazinga ayi, buledi ayi. M'mawa uliwonse Katundu ankathamanga kuzungulira mpanda, a makaniko akumukuwiza: "Mphwanga, ukuthawa ndani?" Lolemba lililonse ankakwera pasikelo yoyezera zikwama n'kutumiza uthenga.

"97, Kaputeni."

"Limbika dali, mpando wako ukukudikira."

Laisensi inatuluka Lachitatu. Anagwirizana zouluka Loweruka, tsiku lomwe Katundu sagwira ntchito. Anagula malaya oyera, n'kuwasita kawiri.

Lachisanu masana foni ya Katundu inalira.

"Pepa dali, mawa kukhala mphepo yoipa. Tidzapita tsiku lina."

Loweruka panyumba sipanakhalike. Anavala malaya ake aja n'kupita kubwalo, akuti akangoona ndege za anzake. Kumwamba kunali mbee! Kansalu koonetsa mphepo kanali lende, ngati sokosi yoiwalika pachingwe.

Mnzake wothira mafuta anali atapita kukamwa tiyi, ndipo pathanki panali kapepala ka oda ya mafuta. Katundu anakawerenga mwachizolowezi chabe. Kandege komwe kaja. Dzanja la Kaputeni. Anthu: awiri. Matanki: odzaza.

Odzaza?

Anawerenganso. Masamu amenewa ankawadziwa kuposa tsiku lake lobadwa. Pampando wake pakhala munthu wosaposa 60.

Sanadikire nthawi yaitali. Kaputeni anatulukira akuseka, atagwirana dzanja ndi mnyamata wa magalasi akuda, wowonda ngati ndodo yoyezera mafuta. Pachala pa Kaputeni pankanyezimira mphete yomwe Lachitatu panalibe.

Kuseka kuja kunazima.

"Katundu... lero si tsiku lako lopuma?"

"Kaputeni, mphepo ija yapita kuti?"



"Dali, ndi ameneyu umati amakuseketsa uja?" anafunsa wowondayo. "Achimwene, tithirireni msanga, tikuchedwa."

Katundu sanamuyang'ane n'komwe. "Kuyambira liti?"

"Papita chaka," anayankha Kaputeni, maso ali pansi. "Makolo akudziwana kale."

"Chaka? Nanga ine umandithamangitsiranji kumpanda? Bwanji osangondiuza?"

"Ndinkaopa kukupweteka. Ndimati sufika 90. Ndimati ulephera wekha, nkhani ithere pomwepo."

Mayo ine! Ndiye kuti uthenga uliwonse wa Lolemba, iye akuvina pasikelo, mnzakeyo ankapemphera kuti nambala isatsike?

A makaniko, omwe anamva zonse, anamugwira paphewa. "Mphwanga, pita kunyumba. Ndithira ine."

"Ayi, akulu. Kandege aka sikanathiridwepo ndi wina akamauluka iyeyu."

Anakwera pamakwerero ndi malaya ake oyera. Anadzaza thanki yakumanzere, anadzaza yakumanja. Anatseka zivundikiro n'kuzigwedeza kawiri, monga ankachitira masiku onse. Kenako anatapa mafuta pang'ono m'kabotolo, n'kuwayang'ana padzuwa ngati mulibe madzi. Anali oyera bwinobwino. Madzi anali m'maso mwake.

"Zili bwino, Kaputeni. Mukhoza kunyamuka."

Kuyambira tsiku la moni lija, anali asanamulankhulenso ndi "mu" waulemu ngati mlendo.

Kandege kanathamanga, kanadzuka mopepuka, kanachepa, kanasowa. Katundu anakhalabe kumpanda, pamalo pake pomwe paja.

Pobwerera anadutsa pa sikelo yoyezera zikwama. Sanafune kukwerapo. Miyendo inangokwera yokha, poti inazolowera.

Muvi unagwedezeka, n'kuima.

90. Ndendende monga anagwirizanirana.