Kutsinzina M'magalasi

Wailesi anagwira pepala lake ndi manja awiri. Anali ataima kutsogolo kwa kalasi, maso a anzake onse ali pa iye. Anatsegula pakamwa, koma lilime linali litauma gwa. Mawu amene anawaloweza sabata yonse anamuthawa osatsanzika.

"Yamba, tikumvetsera," anatero aphunzitsi a sayansi.

Kunali zii.

"Mabatire atha!" anakuwa wina kumbuyo, ndipo kalasi yonse inafa nalo phwete. Wailesi anaponya pepala patebulo n'kutuluka misozi ili chuchuchu.

Dzina la Wailesi anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa kunyumba mtsikanayu pakamwa sipankatsekeka. Ankalongolola potsuka mbale, posesa, ngakhale potsuka mkamwa. Koma anthu akangopitirira asanu, wailesiyo inkazima yokha.

Chikhala kuti zolankhula paguluzi zinkakhudza iye yekha, akanangozisiya. Koma nkhani inali ya mphumi za bambo ake. Bambowo anali owotcherera zitsulo, ndipo anasiya kuona zaka zitatu zapitazo pa ngozi ya kuntchito. Ndodo yawo yoyera inkawauza za maenje ndi miyala, koma za zenera lotsegula, chikwangwani chotsika kapena galasi la lole, ndodoyo inkangokhala chete. Pamphumi pawo panali zipsera zinayi, china chisanapole n'komwe. Ndiye Wailesi anapanga chipewa chokhala ndi kachipangizo kolira kuti pii chinthu chikayandikira kunkhope. Chinkagwira ntchito ndithu, koma mawaya anali panja, ndipo kukangowaza mvula chinkafa.

Tsopano kunali mpikisano wa ophunzira opanga zinthu. Chipangizo chopambana akatswiri a kukoleji ya zaumisiri ankachikonza kuti chikhale cholimba, chovalika tsiku ndi tsiku. Lamulo lake ndi limene linali lowawa: wopanga chinthu afotokoze yekha kwa mphindi zisanu pamaso pa holo yodzaza, kenako ayankhe mafunso. Kulankhula m'kalasi kuja kunali kuyeserera mpikisanowo, ndipo kunali kutatsala masabata asanu ndi limodzi.

Aphunzitsi a sayansi anamupeza atakhala kuseri kwa laibulale. Sanamukalipire. Anangomulembera kalata yopita nayo kwa mlangizi wina wa kuchipatala, amene ankathandiza anthu a mantha osiyanasiyana.

Mlangiziyo anali mayi wamfupi, woseka ndi thupi lonse. M'chipinda mwake munali mipando iwiri, kompyuta, ndi chigalasi chachikulu chomanga kumutu ndi malamba.

"Ukavala ichi uona holo ndi anthu," anatero mayiwo. "Si anthu enieni, koma mtima wako sudziwa zimenezo. Ugunda ngati ndi enieni. Tiyamba ndi atatu. Mantha akabwera usawathawe, ukhale nawo mpaka atope okha. Akatopa tiwonjezera anthu. Zimene ukuona iwe, ine ndikuziona pakompyutapa."

Wailesi anavala. Chipinda chija chinasowa, ndipo anapezeka ali pansanja, anthu atatu atakhala pamzere woyamba akumuyang'ana. Mmodzi anakhosomola. Mantha anamugwira Wailesi. Kenako nzeru inamubwerera, nzeru yoipa ija imene imabwera msanga kuposa yabwino. Nkhope yake inali itabisika m'chigalasi. Ndani angadziwe ngati atatsinzina?

Anatsinzina. Anthu aja anasowa, ndipo mawu anatuluka ngati madzi a pampopi.

Sabata imeneyo analankhula kwa anthu atatu, kenako khumi. Sabata yachiwiri anafika pa makumi asanu. Kunyumba ankadzitama mpaka mayi ake anachita kumupempha kuti apume. Koma paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lina, atamaliza kulankhula kwa anthu zana limodzi, anawerama mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo nonse chifukwa chomvetsera mwachidwi."

"Onse ati?" anafunsa mlangizi.

Wailesi anatsegula maso. Holo inali mbee, mipando yokhayokha.

"Ndinawatulutsa utangoyamba," anatero mayiwo, akumuvula chigalasi. "Anaimirira onse n'kumapita, mmodzimmodzi, iwe uli pakalapakala kulalikira mipando. Ndinayamba kukayika kale. Munthu wa mantha ngati ako sadumpha masitepe choncho, komanso mutu wako sunkatembenuka ngakhale pang'ono."

Manyazi anamugwira Wailesi moti akanatha kulowa pansi. "Pepani, amayi. Ndikawayang'ana ndimaona ngati ndifa."

"Sunandinamize ine, mwanawe. Wadzibera wekha masabata awiri. Tsiku la mpikisano chigalasi kulibe, ndipo oweruza safunsa munthu wogona choimirira. Ukafuna, Lolemba tiyambirenso pa atatu. Ukapanda kufuna, sindikukakamiza."

Madzulo ake anapeza bambo ake ali pakhonde, akuluka mpando wa nsungwi, ntchito imene anaiphunzira atasiya kuona. Anakhala pansi pafupi nawo n'kuulula zonse. Ankayembekeza kukalipiridwa, koma bambowo anaseka mpaka kugwetsa mpeni.

"Iwe mwana! Ine maso ndikuwafuna sindikuwapeza, iwe uli nawo awiri abwinobwino ukuwatseka? Bwanji osandibwereka?"

"Ababa, si zoseketsa."

"Ndikudziwa." Anafufuza mutu wake ndi dzanja n'kuusisita. "Tsiku loyamba kutuluka ndi ndodo iyi ndinafika pageti pokha, thukuta lili kamukamu, n'kubwerera. Mawa lake ndinafika pa golosale. Palibe amene akanandiyendera. Koma tamvera, ngati ukuchitira mphumi zangazi, zisiye. Zinazolowera."

Mawu omalizawo ndi amene anamupweteka kwambiri. Anayang'ana chipsera chatsopano chija, chofiirabe m'mbali, ndipo anadziwa kuti Lolemba apita.

Anayambiranso pa atatu, maso ali tong'o. Tsiku loyamba anangotha kunena moni, n'kuvula chigalasi. Mlangizi anamupatsa madzi, anamuphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa mochedwa, kenako anamubwezera muholo. "Mantha ako ali pati, kuyambira ziro mpaka teni?" ankamufunsa. "Teni!" Patapita mphindi zingapo, "Nanga pano?" "Seveni." Wailesi anadabwa kuona kuti mantha amatsikadi okha, munthu ukapanda kuthawa.

Mayiwo sankamunyengerera. Anamuikira anthu oyasamula, ena onong'onezana, wina foni yake inkalira pakati pa chiganizo. Panali nkhalamba ina ya m'kompyutamo imene inkangopukusa mutu pa chilichonse, ndipo Wailesi anaipatsa dzina lakuti a Sindikuvomera. Tsiku limene anaiyang'ana m'maso n'kumaliza mfundo yake osakakamira, anavula chigalasi n'kuvina m'chipinda chonse. Mlangizi anamulola kuvina, kenako anamutengera m'chipinda chodikirira kuti akalankhule kwa anamwino asanu enieni. Sabata yomaliza analankhula m'kalasi mwake, mawu akunjenjemera koma osaima, ndipo palibe amene anaseka.

Tsiku la mpikisano holo inali yodzaza mpaka ena anaima m'mbali mwa khoma. Wailesi anali wa nambala seveni. Atamva kuitanidwa, mantha anabwera onse, osatsalako ngakhale pang'ono. Zikope zinayamba kutsika zokha. Anakoka mpweya. Anayang'ana mzere woyamba, kenako wachiwiri, mpaka kumbuyo.

"Mu... muli bwanji nonse," anatero, mawu ali ang'onong'ono. Wina anakhosomola. Wailesi anadikira, n'kuyambanso mokweza. "Bambo anga ali ndi zipsera zinayi pamphumi. Ndabwera kudzakuuzani mmene tingapewere chachisanu."

Holo inati zii, koma ulendo uno inali zii ya anthu omvetsera. Anafotokoza mmene kachipangizo kamatumizira mafunde amene amagunda chinthu n'kubwerera. Pakati anaiwala chiganizo chimodzi, anaima, n'kuchinena m'mawu ena. Dziko silinathe.

Atamaliza, woweruza wina wa ndevu zaimvi ananyamula chipewa chija ndi zala ziwiri ngati wagwira khoswe. "Mwana iwe, mawaya onsewa ali panja. Ukufuna munthu aziyenda mumsewu ngati mlongoti wa magetsi? Ichi chimagwiradi ntchito?"

Ena anaseka. Koma Wailesi anamuyang'ana bamboyo m'maso.

"Mawaya ndi amene ndabwerera kuno, bwana. Ine ndinafika pamene nzeru zanga ndi guluu zinathera, kwatsalako ndi kwa akatswiri. Koma zoti chimagwira ntchito, musamve za ine. Ababa, tabwerani."

Mayi ake anawakweza bambowo pansanja n'kuwasiya okha. Wailesi anawaveka chipewa, anatenga thabwa lolozera kuchokera patebulo la oweruza, n'kukaima kumapeto kwa nsanja atalitambasula molingana ndi nkhope yawo. Bambowo anayamba kuyenda, ndodo ikugogoda pansi, go, go, go, osapeza kanthu. Mayi wina pagulu anagwira pakamwa. Kutatsala sitepe imodzi, chipewa chinalira kuti pii! Bambowo anaima, anawerama, n'kudutsa pansi pa thabwalo mwamatama ngati akulowa m'nyumba mwawo.

Anthu anaimirira, m'manja muli phwaphwaphwa. Aphunzitsi a sayansi anaiwala ulemu wawo n'kuimba mluzu. Woweruza wa ndevu uja anapukusa mutu akumwetulira, n'kulemba zinazake zazitali papepala lake.

Zotsatira zitalengezedwa, chipewa cha Wailesi chinakhala choyamba. Mkulu wa kukoleji anabwera yekha ndi tepi, n'kuyeza mutu wa bambo ake pomwepo, akuti chatsopanocho chikhale chowakwana bwino komanso chosaopa mvula. Wailesi anasangalala mpaka kulira, ndipo sanabise.

Potuluka, bambo ake anamugwira pachigongono n'kumukokera pambali. Mawu awo anali atasintha.

"Ndamva m'manja mokha, mwanawe. Tandiuza, analipo anthu ambiri?"

"Odzaza, Ababa. Mpaka kukhoma."

"Ankaoneka bwanji pamene umalankhula?"

Wailesi anapukuta misozi n'kuyamba ndi mzere woyamba. Anawauza za mayi wa duku lobiriwira amene anasiya kudzikupiza ndi pepala, za mnyamata amene anabisa foni m'thumba, za woweruza amene cholembera chinamugwa osachitola, ndi za mayi ake amene ankapemphera milomo yokha ikugwedera. Anawauza mzere ndi mzere mpaka kukafika kumbuyo kwenikweni, ndipo bambowo anaima chilili pakhomo la holo, kumwetulira kuli mpaka m'makutu, akuwaona onse.