Tabuleti ndi Mtengo wa Lillian

Lillian anafuna kuchita chinyengo. Anafuna kupereka ntchito imene sanaigwire yekha. Ana inu, mverani bwino.

Lillian ankakhala ku Chifubu, mu Ndola. Anali mu Giredi 3. Kunyumba ankalankhula Chinyanja. Kusukulu ankaphunzira Chibemba.

Chaka chimenecho sukulu inalandira matabuleti. Tabuleti inkaonetsa zithunzi. Tabuleti inkawerenga mawu. Tabuleti inkamasuliranso zilankhulo.

Lachiwiri aphunzitsi anati, "Lembani za mtengo womera pakhomo panu. Lembani m'Chibemba. Olemba bwino adzawerenga Lachisanu, pa tsiku la makolo. Tabuleti ikuthandizeni, koma isakulembereni."

Lillian ankafunitsitsa kuwerenga tsikulo. Atate ake, a Stanislaus, ankagwira ntchito ku fakitale. Anali atapempha kale tchuthi kuti adzabwere.

Koma ana amene anamaliza kulemba ankatuluka. Panja anayamba kusewera chiyato, masewera a timiyala. Mtima wa Lillian unali panja.

Ananong'oneza tabuleti m'Chinyanja. "Mtengo wathu wa mango ndi waukulu. Mbalame zimatera pa mtengo wathu."

Tabuleti inamasulira. Lillian anakopera msangamsanga. Sanawerenge. Sanaganize. Anathamangira panja.

Tsono imvani. M'Chinyanja liwu lakuti mtengo lili pawiri. Pali mtengo wa masamba. Palinso mtengo wogulira zinthu pamsika. M'Chibemba sizili choncho. Wa masamba ndi icimuti. Wa pamsika ndi umutengo. Lillian ankadziwa zimenezi. Tabuleti inasankha wa pamsika. Iye sanaone.

M'mawa mwake anaimirira kutsogolo kwa kalasi. Anawerenga mokweza. Anati mbalame zimatera pa umutengo.

Ana onse anaseka.

"Iwe Lillian!" anatero mnzake Beauty. "Kodi mbalame zakwanu zimagulitsa mango pamsika?"

Aphunzitsi anakweza dzanja. Ana anasiya kuseka.

"Lillian, wakulembera ndani?"

"Tabuleti, aphunzitsi."

"Kodi unawerenga usanakopere?"

"Ayi, aphunzitsi."

Aphunzitsi analemba pabolodi maina asanu a odzawerenga Lachisanu. La Lillian panalibe.

Atate ataweruka, anampeza atakhala pakhomo, ali ndwii.

"Atate, Lachisanu musabwere."

"Chifukwa chiyani, mwana wanga?"

Lillian anaulula zonse. Sanabise kanthu. Atate anakhala pansi pafupi naye.

"Ku fakitale makina amadula zitsulo," anatero. "Amadula mwachangu kuposa ine. Koma maso anga sachokapo. Ndikayang'ana kumbali, chitsulo chimaonongeka. Wamva?"

"Ndamva, atate."

"Tenga pensulo. Ulembe wekha. Lachisanu ndibwerabe."

Lillian analemba. Anafufuta. Analembanso. Lachinayi kusukulu anafunsa tabuleti liwu limodzi lokha. Analiwerenga kawiri asanalilembe.

Lachisanu atate anabwera atavala malaya osita bwino. Anakhala pabenchi pamodzi ndi Lillian. Ana asanu anawerenga. Makolo anaomba m'manja. Lillian nayenso anaomba.

Pobwerera anatulutsa pepala lake. Anawawerengera atate akuyenda panjira. Sanalakwitse liwu ngakhale limodzi. Atate anamwetulira. Anamugwira dzanja.

Komabe, ana inu, musaiwale ichi. Atate anapempha tchuthi kuti adzamve mwana wawo akuwerenga pamaso pa anthu. Pamaso pa anthu, Lillian sanawerenge.