Khosi la Benedicta

Benedicta anakhala pampando atauma gwa ngati mtengo wa tsache. Chigwereni pamasitepe a kusukulu dzulo lake, khosi linkakana kutembenuka, ndipo zala zakumanzere zinali zitachita dzanzi. Munali mu 1986, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya nsalu ku Fordsburg, mumzinda wa Joni, momwe ankakhala ndi mayi ake, a Elina.

Amalume ake, a Abednego, analowa akupinda malaya. Iwowa anagwira ntchito kumgodi zaka khumi ndi zisanu, ndipo kukomponi anatchuka ndi kuwongola anzawo. Munthu akatuluka pansi atapindika, ankangomugwira chibwano n'kupotokola, khosi n'kulira kuti thwa! Kudzitama kwake ndiye musanene.

"Bwera kuno, mwana iwe. Kamodzi basi."

"Aikona, achimwene!" a Elina anaima pakati. "Uyu si chimphona cha kumgodi. Ndikupita naye kwa dokotala wowongola misana, kuja ndimakolopaku."

"Kukolopa kwakusandutsa nesi eti? Mwini mbumba ndine!"

"Mbumbayo mwaikumbukira lero? Chifikireni ku Joni munamugulirapo ndi pensulo yomwe?"

A Abednego anawatsatira njira yonse akulalata, anthu m'mashopu n'kumasuzumira. Benedicta anachita manyazi, komanso mantha.

Dokotalayo anali mayi wofatsa. Anafunsa za kagwedwe kake, kenaka anauza Benedicta kuti amufinye zala. Dzanja lamanzere linalephera. Pomwepo anamuveka kolala yolimba m'khosi.

"Mwanayu sindimuwongola," anatero. "Mafupa a mwana ndi anthete. Apite kuchipatala akamujambule kaye, lero lomwe."

"Mampara, chitsiru!" anakuwa a Abednego. "Dokotala woopa fupa? Tachokani ndikuonetseni!"

Anatambasula manja aja, akuluakulu ngati mafosholo. Benedicta, yemwe anali asanayankhepo wamkulu chibadwire, anakuwa: "Amalume, musandikhudze!" Manja aja anaima m'malere.

Kuchipatala anadikira pabenchi mpaka masana, mlongo ndi mlongo osayang'anana. Kenaka dokotala wa kumeneko anaika chithunzi powala n'kuloza kamzere kakang'ono pafupa la m'khosi.

"Lang'aluka apa. Achira, poti mwafulumira. Koma wina akanangopotokola khosili, mwanayu sakanayendanso."

A Elina anatembenuka, mawu olasa ali kale pamlomo. Koma anapeza achimwene awo atakhala pansi, thukuta lili kamukamu.

"Majidu," ananong'ona a Abednego.

"Majidu wake uti?"

"Mnzanga wa ku Machinga. Mwala unamugwera paphewa, ine n'kumuwongola khosi. M'mawa mwake miyendo inakana. Anamukweza ndege pamachira kubwerera kumudzi." Anayang'ana zikhatho zawo. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti unali mwala."

Potuluka, Benedicta anatsetsereka pang'ono pakhomo. A Abednego anafuna kumugwira, koma anabweza manja n'kuwapisa m'matumba.

"Mugwire ndiwe, Elina," anatero.