Eyiti Yosamaliza ya a Wendell

M'mawa wa tsiku lachiwiri pa mtsinje wa Flambeau, a Arvo Kettunen anatsegula kabokosi ka nyambo n'kupeza imodzi ikudontha madzi. Munali nyambo zisanu, iliyonse yaitali kuposa chikhatho cha munthu wamkulu, zomangidwa ndi nthenga za tambala ndi ubweya wa kumchira kwa gwape. Zinayi zinali zouma bwinobwino. Yachisanu, yakuda yamutu wofiira, inali itanyowa mpaka ubweya kumatirira ku mbedza, chonsecho dzulo lake palibe amene anaiponya m'madzi.

A Arvo ndi munthu wa kwathu kuno, wouma pakamwa, amene wapalasa bwato la asodzi a nsomba zotchedwa maski kwa zaka makumi atatu. Kabokosiko sikanali kawo. Mwini wake anali malemu a Wendell Pelkey, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankabwera sabata yomweyi ya Okutobala kudzatsika mtsinje masiku anayi, osagwirapo maski ngakhale imodzi. Anamwalira mu Epulo. Chaka chino pathabwa lakutsogolo panakhala mkazi wawo, mayi Lorna, atavala chijasi cha malemuwo chopinda manja katatu.

"Mayi, munaigwira nyamboyi usiku?" anafunsa a Arvo.

"Ine? Ndi manja awa, olephera ndi kapu ya khofi yomwe? Mwina ndi mame."

"Mame osankha nyambo imodzi?"

"Ndiye kafunseni akatumbu anuwo, a Arvo. Ine ndinagona ngati chipika."

Maski ndi chinsomba cha mano ngati a galu, chotalika mpaka pachifuwa pa munthu, komanso chamatama. Chimatsatira nyambo mpaka pabwato penipeni, n'kumangoiyang'ana osailuma. N'chifukwa chake kuno aliyense amadziwa lamulo: ukakoka chingwe mpaka kumapeto, usazule nyambo. Lowetsa nsonga ya ndodo m'madzi, uzungulitse nyamboyo ngati ukulemba nambala eyiti, katatu, kanayi, kufikira nsombayo ipse mtima. A Wendell lamuloli linkawakanika. Akangoona chimthunzi kumbuyo kwa nyambo, manja ankawathawa, n'kuizula eyiti ili pakati. Kasanu konse anaichita zimenezi nsomba imodzimodzi, ya chipsera choyera pamsana, imene imakhala pansi pa mtengo wakugwa pa khona lomaliza la mtsinje pa ulendowu. Ndikanakhala ine, munthuyo ndikanamukankhira m'madzi. A Arvo ankangoluma mano, chifukwa ankawakonda.

Kumalo otsitsira mabwato anthu anali atayamba kale kunong'onezana. Wina ankati mu Juni anaona munthu wa chipewa chofiira ngati cha a Wendell ataima pamchenga pakati pa mtsinje, pamalo poti bwato panalibe. Mayi wogulitsa petulo pamenepo ndiye anauza mayi Lorna poyera kuti msodzi akafa ali ndi nsomba imene sanamalize nayo, sachoka pamtsinje mpaka wina aigwire ndi nyambo yake. Mawu amenewa ndi amene anawabweretsa, iwo amene chibadwire anali asanaponyepo chingwe.

"Ndingowagwirira nsomba yawoyo, apumule," anatero mayi Lorna tsiku loyamba. "Nanenso ndipumule."

Tsiku lachiwirilo anaponya kuyambira m'mawa mpaka phewa kuuma, osaona kanthu. Anamanga matenti pamchenga, n'kudya masoseji ndi mbatata zokazinga. Mu Okutobala mdima umagwa anthu asanatsuke n'komwe mbale. A Arvo anamanga kabokosi kaja ndi chingwe, mfundo yawoyawo imene anaphunzira kwa bambo awo, n'kukasiya m'bwato pafupi ndi ndodo ya a Wendell.

Atangolowa m'tenti, tulo tisanabwere, anamva phokoso. Mtsinje uli ndi mawu ake, ndipo a Arvo amawadziwa onse: madzi akamakhuza mwala, gwape akamawoloka, nthambi ikamagwa. Ili silinali limodzi la amenewo. Linkachokera pambali pa bwato, lofatsa, ngati munthu akutakasa madzi mumphika waukulu. Shwaa, kupita. Shwaa, kubwera. Shwaa, kupitanso, kenako n'kudukira pakati. Ndiyeno tho, tho, tho, madzi akudontha kuchokera pa chinthu chimene chatukulidwa m'mwamba.

Kudukira pakati kumeneko anakumva zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ali chikhalire kumbuyo kwa a Wendell, nkhafi zili m'manja.

Anatuluka ndi tochi. Nkhungu inali itakuta madzi, kuwala n'kumathera pamphuno pomwepa. Bwato linali pamalo pake, lopanda munthu, koma mutu wake unali utamira pang'ono kuposa kumbuyo, ndipo timafunde tinali kuthamangirabe kumchenga. Anaima mpaka zala kuuma ndi chisanu. Kenako mutu wa bwato unadzuka pang'onopang'ono, monga limachitira munthu akatsika.

Kutacha, mfundo yawo inali momwemo, yosakhudzidwa. M'katimo nyambo yachiwiri inali itanyowa, ndipo kunsonga kwa ndodo kunali madzi oundana. A Arvo anapukuta ndodoyo. Tsiku lonse anapalasa ali duu, moti mayi Lorna anawafunsa ngati masoseji anawapweteka m'mimba.

Madzulo a tsiku lachitatu phokoso lija litayambanso, a Arvo anasuzumira panja n'kuona munthu atakhala pachipika pafupi ndi phulusa. Anali mayi Lorna, atadzikulunga m'chijasi chija.

"Musayatse tochi," ananong'ona mayiwo. "Muwathamangitsa ngati dzulo."

"Munamva dzulo?"

"Ndi dzana lomwe. Ndinakunamizani, a Arvo, sindinagone. Khalani pansi apa."

Anakhala. Shwaa. Shwaa. Shwaa. Tho, tho, tho.

"Azulanso," ananong'ona a Arvo, asanadzigwire. "Kawiri ndi theka. Munthu uyu samva, ngakhale pano."

Mayi Lorna anaseka atatseka pakamwa ndi dzanja, koma kusekako kunathera m'misozi.

"Mukudziwa, kuyambira Epulo ndakhala ndikutchera khutu kunyumba. Ndinasiya nsapato zawo pakhomo. Wailesi yawo ya m'galaja sindinaizimitse. Ndimati mwina chitseko chilira, mwina mpando ugwedera, ngakhale kutsokomola kokha. Zii. Miyezi isanu ndi umodzi, zii. Kani bambo ali kuno! Ali moyo ankandithawira kunsomba, atafa andithawiranso kunsomba."

"Akuyeserera," anatero a Arvo. "Akudziwa kuti mawa tifika pa mtengo uja."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinkadana nayo sabata imeneyi. Ndinkati apite, ndipeze mpata wopuma. Ndikanadziwa ndikanabwera nawo ngakhale kamodzi, ndingokhala kumbuyoko ndi kuwaonerera akulephera."

Anakhala awiriwo mumdima, kumvetsera munthu wakufa akulephera eyiti mobwerezabwereza. Mayi Lorna anali atapendeketsa mutu ngati akumva nyimbo ya paukwati wawo. Mantha anali atawachokera kalekale. Chimene chinatsala ndi kumusowa munthu, ndipo kusowako kunkaoneka ngakhale mumdima.

Tsiku lomaliza kunacha kwa mitambo, mphepo ili zii, nyengo imene maski imakonda. Nyambo zitatu zinali zonyowa tsopano. A Arvo anasankha yakuda yamutu wofiira ija n'kuimanga okha. Masana anafika pa khona lomaliza, pamene mtengo wakugwa umagona m'madzi akuda. Anaimitsa bwato ndi nkhafi, mwakachetechete.

"Ponyani kumizu uko, mayi. Kokani mwapang'onopang'ono. Chilichonse chimene muone, musazule."

Kuponya koyamba kunagwera pafupi. Kwachiwiri chingwe chinakola chipewa cha a Arvo. Kwachitatu nyambo inagwa pamizu penipeni, ndipo atakoka kanayi, chinthu chinatuluka pansi pa mtengo. Chinabwera mosafulumira, chachitali ngati nkhafi, chipsera choyera chili mbee pamsana.

"Ndi imeneyo," ananong'ona a Arvo. "Ndodo m'madzi. Pansi, pansi! Lembani eyiti yaikulu."

Mayi Lorna analowetsa ndodo. Ndinene zoona, eyiti imeneyo inali yokongola kuposa ya amuna ambiri amene amadzitama kuno. Masiku atatu anali ataimva ndi makutu mpaka kuiloweza. Shwaa, nsomba inatembenuka nayo. Shwaa, inasendera mpaka mphuno kukhudza nthenga. Zipsepse zinayamba kunjenjemera, chizindikiro choti yapsa mtima.

"Kamodzi kokha, mayi! Ikuluma pokhota apo!"

Shwaa. Kukamwa kunatseguka, koyera ngati mbale. Pomwepo mayi Lorna anatukula ndodo, mosathamanga, n'kuzula nyambo m'madzi. Inalendewera m'mwamba. Tho, tho, tho. Nsomba inaima kanthawi ikuyang'ana, kenako inamira n'kubwerera kumizu kwake.

A Arvo anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi m'bwato.

"Mayi! Mayi Lorna! Banja lanuli munalodzedwa? Munaona kukamwa kwake?"

"Ndinaona."

"Inali yanu imeneyo! Zaka zonsezi ndikudikira..." Anaima pakati. Anayang'ana manja a mayiwo. Manja a Wendell ankanjenjemera mpaka ndodo kulira, koma awa anali phee. "Mwachita dala."

Mayi Lorna anadula nyambo ija ndi kampeni, n'kuibwezera m'kabokosi pakati pa zinzake.

"Ndikanaigwira, akanapita," anatero. "Apite kuti, a Arvo? Kunyumba kulibe. Kumanda ndimapita Lamlungu lililonse, kulibenso. Kuno kokha ndi kumene ndawamva. Mukufuna ndiwathamangitse ndi manja angawa?"

"Munati mukufuna apumule."

"Ndinatero. Apumula ndikadzawapeza. Anandidikiritsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nawonso adikire."

A Arvo anatola chipewa chawo, n'kuchikung'untha pabondo nthawi yaitali kuposa mmene chinafunikira. Mkwiyo unali utawathera, m'malo mwake munalowa chisoni, chifukwa anazindikira kuti nawonso madzulo a dzulo lake sanafune kuti phokoso lija lithe.

"Chaka chamawa sabata yomweyi musampatse wina," anatero mayi Lorna. "Ndipo musadzaiwale khofi wambiri. Uja munabweretsa ndi madzi otsukira mbale."

A Arvo anagwira nkhafi n'kukankhira bwato pakati pa mtsinje. Kunatsala mtunda wa ola limodzi kuti afike pokwezera mabwato, ndipo madzi a pamenepo ndi oyenda bwino, osafuna mphamvu. Koma nkhafi zinkalemera ngati tsiku limene amanyamula asodzi awiri. Mayi Lorna anaika kabokosi pamiyendo, n'kusendera kumanja kwa thabwa lakutsogolo, kusiya malo. Bwato linapendekera kumanzere.