Kumenya Lasitoni

Gracious ankatsika m'phiri la Michesi atasenza nkhuni pamene anamva ana akukuwa kumtsinje: "Menya lasitoni! Menya lasitoni!" Mtima wake unangoti phwii. Anaponya mtolo pansi n'kuthamangira komweko.

Pamchenga anapeza Faiz, kamnyamata kobwera kumene m'mudzimo, kakuthamanga, kudumpha, n'kugwa chagada ngati thumba la nandolo.

"Iwe, dzina limenelo walitenga kuti?" anakalipa Gracious.

"Si dzina ayi, achimwene," anayankha Faiz akusasa mchenga. "Lasitoni ndi kutembenuzika m'malere chambuyo n'kutera ndi miyendo. Akuti ndi Chizungu."

Chizungu chake chiti! Laston anali mkulu wake wa Gracious. Ndiye anayambitsa kadumphidwe kameneka pamchenga womwewu, anthu n'kumasiya mitondo kudzaonerera, mpaka ana anakatcha dzina lake. Koma chaka cha namondwe uja napolo anatsika m'phiri n'kupita naye, ndipo ngakhale thupi silinapezeke. Kuyambira pamenepo Gracious sanadumphenso, ndipo dzinalo linkamukanika pakamwa. Ankamusowa mbale wakeyo koopsa.

"Ndisadzakumveninso mukutchula mawu amenewa!" anatero.

Ana aja anayamba kutola masilipasi awo. Kamtsikana kena kanafunsa motsitsa mawu, "Ndiye tizingoti samasoti basi?"

Gracious anayang'ana mchenga uja. Kunyumba dzinali silinkatchulidwa, kuopa kuliza amayi. Manda oti n'kukalembapo panalibe. Malo okhawo amene Laston ankaitanidwabe mokweza, mwachimwemwe, anali pano, ndipo iye Gracious ndi amene ankawatseka.

"Taimani," anatero Gracious. "Iwe Faiz, ukugwa chifukwa ukumayang'ana pansi. Ponya manja kumwamba, maondo abwere pachifuwa. Taona."

Anavula malaya, anathamanga, n'kudziponya m'malere. Phiri linazondoka, thambo linadutsa kumapazi, kenako dii! Anatera ndi miyendo yonse iwiri.

"Eee! Lasitoni weniweni!" anakuwa anawo akuvinavina. "Anakuphunzitsani ndani, achimwene?"

"Mwiniwake."

"Mwiniwake? Kodi lasitoni ndi munthu?" Faiz anatong'ola maso.

Gracious anapukuta misozi ndi malaya aja n'kukhala pamchenga.

"Khalani pansi nonse," anatero. "Dzina lake anali Laston. Anali achimwene anga."