Mbaula Ziwiri ku Buchi

Felistas anafika kunyumba ku Buchi Lachinayi madzulo, sizasi ndi tepi yoyezera zili m'jumbo, ndipo anapeza mbaula ziwiri pakhonde. Chikwatiwire m'banja la a Daka, m'nyumbamo ankaphika pa mbaula imodzi. Apongozi ake, Mayi Daka, anali akukazinga kapenta wokwanira munthu mmodzi, bulauzi yoyera ya Chigwirizano cha Amayi asanavule n'komwe.

"Mwaswera bwanji, Amama?"

"Ndaswera ngati nkhalamba yolowa m'zipinda za eni popanda odi. Si mmene unanenera?"

Felistas anaika jumbo pansi. Mawuwo anawanenadi, koma kwa munthu mmodzi yekha. Sabata yathayo, pobwerera ku maliro ku Ndola, anakhala mpando umodzi mu minibasi ndi Tamara, mlongo wa mwamuna wake Manasseh, ndipo mtima unatseguka. Anadandaula za kushopu ya Amake Lulu kumsika wa Chisokone komwe ankasoka: magetsi akazima makasitomala amakalipira iye, diresi ikakongola ulemu umapita kwa mwini shopu, ikathina mlandu ndi wa Felistas. Anadandaulanso za kunyumba: mbale zomwe watsuka Amama amazitsukanso, ndiwo zake amazithira mchere wina alendo akuona. Tamara ankaseka mpaka misozi, nayenso n'kutulutsa zake. Potsika analonjezana kuti nkhanizo zathera m'galimotomo.

Koma masana a tsikuli Tamara anaimirira pamsonkhano wa Chigwirizano n'kupempha kuti apempherere mlamu wake. Anatsinzina n'kuuza Mulungu zonse, mawu ndi mawu, azimayi onse akumva. Amake Lulu anali pabenchi yachiwiri. Atatuluka m'tchalitchi analunjika kushopu.

"Tenga sizasi yako," anatero. "Akupempherera kuti upeze bwana wabwino. Ine pempherolo ndaliyankha."

Tsopano Mayi Daka anatembenuza kapenta uja mwamphamvu. "Ndipo zonse zalumikizana. Dzana achimwene anga a Simeon anaimba foni kuchokera ku Katete, akuti akundikhomera malata pakanyumba, ndibwera liti? Ine n'kumadabwa. Kani ndiwe ukufuna kundichotsa m'nyumba yomwe anandisiyira mwamuna wanga! Loweruka la sabata yamawa ankhoswe akubwera. Ubwerere kwanu ku Masala."

"Amama, za ku Katetezo..."

Felistas analekeza. Ankadziwa bwino amene anatumiza malatawo. Mu minibasi muja Tamara ananena yekha kuti watopa ndi nyumba za lendi, kuti Amama akapumule kumudzi, Manasseh akafune kwina, iye ndi mwamuna wake alowe m'nyumba ya bambo ake. Akanatha kuulula pomwepo, koma anameza mawuwo. Pakhonde panali pochepa. Tamara anamuvula pagulu, naye adzamuvula pagulu.

Manasseh atabwera kuntchito anamva nkhani yonse ataimirira, nsapato asanavule.

"Ungopepesa, amake Ethan. Ugwade, ulire pang'ono, zitha."

"Nanga mlongo wakoyo?"

"Tamara umamudziwa kale. Pakamwa pake mpotentha, koma amafuna zabwino."

"Zabwino? Ntchito yatha, banja likutha, iwe ukuti zabwino? Kuntchito kwanu mukamanyoza kapitawo wanu m'basi, alipo amakakupemphererani pamaso pake?"

Felistas anamenyetsa chitseko cha kuchipinda mpaka kalendala ya mpingo inagwa pakhoma. Ethan, mwana wawo wamng'ono, anayamba kulira.

Sabata imeneyo Felistas anaphika yekha pambaula yake, ndipo utsi wa mbaula ziwiri unkakwera padera ngati nsembe za abale awiri aja oyamba a m'Baibulo. Ankatsegula Baibulo m'mawa uliwonse, koma maso ake ankathamangira masalimo okhawo opempha kuti adani agwe m'dzenje lomwe anakumba okha. Ankadziwa kuti kubwezera mwini wake ndi Mulungu. Ankangoona kuti Mulungu akuchedwa, ndipo Loweruka likuyandikira. Posesa, pochapa, ankasula pemphero lake monga munthu amanolera mpeni, akuchotsa mawu ofewa n'kuikapo akuthwa.

Lachinayi anasita bulauzi yake yoyera, yomwe inali itakhalitsa m'sutikesi chifukwa cha ntchito, n'kupita kutchalitchi. Azimayi anagundana zigongono. Tamara anamumwetulira n'kumusunthira malo.

"Mwabwera, alamu? Mwaona, pemphero limagwira ntchito."

"Limagwiradi," anayankha Felistas.

Ataimba nyimbo ziwiri, Amayi Busa anafunsa ngati alipo wolemedwa. Felistas anaimirira. Anatsinzina.

"Atate wakumwamba, ndikukuthokozani chifukwa cha mlamu wanga Tamara, amene anandinyamula m'pemphero sabata yatha. Lero ndi ine ndikumunyamula. Mukudziwa kuti watopa ndi lendi. Mukudziwa kuti watopanso ndi mayi ake omubereka, amene akuti akuchedwa kuchoka m'nyumba ya ku Buchi. Dalitsani malata omwe anatumiza kwa amalume ake ku Katete, kuti asadzadonthe pamutu pa nkhalambayi akadzaitaya kumeneko. Ndipo mawu aja ananena, akuti munthu wa maondo otupa safunika nyumba ya m'tauni..."

"Bodza!" Tamara anadzuka, benchi n'kugwa. "Iwe, unalonjeza kuti sudzauza munthu!"

Tamara anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Palibe ananena ameni.

Felistas anatsegula maso kuti aone nkhope ya mdani wake, ndipo anaionadi itagwa. Mtima wake unavina. Koma kenako anaona Mayi Daka. Mayiyo anali atakhala chiwongokere, buku la nyimbo lili pamiyendo, misozi ikutsikira pakolala yoyera. Sabata ziwiri zotsatizana, ana ake awiri anali atauza mpingo wonse kuti iye ndi katundu wolemetsa. Mkondo womwe Felistas anaponyera Tamara unadutsa pachifuwa cha mayi wachikulire.

Amayi Busa anatseka Baibulo lawo. "Amayi anzanga, guwa la Ambuye si bwalo la milandu. Kuyambira lero, amene ali ndi chifukwa ndi mnzake ayambe wapita kwa iye asanabwere naye kuno."

Kunyumba Tamara analowa akulira, n'kugwada pamapazi a mayi ake.

"Amama, ndinkangofuna kuti mukapumule! Mpweya wa kumudzi ndi wabwino, ndi mkazi uyu wapotoza..."

"Khala chete, Tamara. Ndinakubereka ine m'nyumba muno, bambo ako ali pansi mumgodi. Ukanandipempha chipinda ndikanakupatsa. Koma unandikonzera ulendo ndili moyo, n'kusenzetsa mlanduwo mkazi wa mlongo wako. Malatawo uwauze a Simeon afolere khola la mbuzi. Ine ndidzatuluka muno m'bokosi. Pita kwanu, ubwere ndikadzakuitana."

Tamara anayang'ana Manasseh kuti amuthandize. Manasseh anatsegula chitseko n'kuima pambali. Mlongo wake anatuluka, chipata cha malata chinalira kumbuyo kwake.

Felistas anatsala ataima pakhonde. Chigonjetso chija chinali chitazizira m'kamwa. Anagwada.

"Amama, ndinadziwa kuyambira tsiku lija. Ndikanakuuzani pano pakhonde, koma ndinafuna kuti achite manyazi."

"Ndipo anachitadi. Inenso ndinachita nawo." Mayi Daka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Nonse awiri muli ndi malilime a njoka. Kusiyana kwake n'kwakuti iwe unandinena za mchere, iye anandinena za nyumba."

"Nanga ankhoswe a Loweruka?"

Mayi Daka anayang'ana mbaula ziwiri zija. Ananyamuka movutikira, nagwira mbaula yawo ndi nsanza, n'kukhuthulira makala ake amoto m'mbaula ya Felistas. Mbaula yopanda kanthuyo anaikankhira kuseri kwa nyumba.

"Abwere, adzamwe tiyi, abwerere. Koma tamvera, amake Ethan. Ukatopa nane uzindiuza ine. Mulungu ali ndi zambiri zomvera, ndipo azimayi a Lachinayi aja ali ndi makutu aatali kuposa ake."

Felistas anaseka misozi ili m'maso, n'kutereka mphika. Ntchito ya ku Chisokone inali itapita, ndipo ankadziwa kuti tsiku lina adzayenera kukagogoda pakhomo la Tamara. Ndiwo zitapsa anatapa pang'ono m'chipande n'kupereka kwa apongozi ake.

Mayi Daka analawa, nayang'ana botolo la mchere nthawi yaitali.

"Wachepa," anatero. "Koma thira wekha."