Ndibweranso Lachisanu

Lezala anatsegula babashopu yake ndi mwambo wonse, koma sabata zitatu zinatha akungometa ntchentche. Kachipindako kanali kabwino ndithu, mpando wozungulira, galasi lalikulu kukhoma, mashini awiri atsopano, ndi benchi la odikira limene palibe anadikirapo. Vuto linali malo. Kanali kuseri kwa mashopu, m'kanjira kodutsa anthu okataya madzi okha. Komanso munthuyu anachoka mwamatama kumene ankameta kale, mpaka kuuza bwana wake kuti sadzamuonanso. Kubwerera kunali manyazi, ndipo kunyumba mkazi wake anali atayamba kuyankha mwachidule.

Ndiye kunabwera mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, uja salekana ndi foni ngakhale kubafa. Anamuseka kaye mpaka misozi, kenako n'kumuuza kuti masiku ano kasitomala sasaka ndi miyendo, amasaka ndi chala. Anamutsegulira tsamba pa intaneti, kujambula mpando, kujambula mashini, kuposita. Patatha masiku anayi malayiki anali asanu, awiri mwa iwo a mlamu yemweyo.

Mlamu sanagwe mphwayi. Anati munthu salowa m'shopu mopanda anthu, ndiye pakufunika makomenti oyamikira. Anakhala pa benchi paja n'kuyamba kupanga maakaunti abodza, zithunzi akungotola za anthu osawadziwa. Lezala anati izi si zabwino, koma ananena mofooka, ngati munthu wokana nyama pamene mbale watambasula kale. Mlamu anangoti, “Ukaipa dziwa nyimbo, alamu.”

Chithunzi china chinali cha bambo wandevu, wa chipewa chakuda, wosamwetulira. Mlamu anati nkhope yotereyi anthu amaikhulupirira. Apa n'kuti Lezala atakomedwa, moti mawu a komentiyo anapereka yekha: “Anandimeta bwino kwabasi. Dzanja lake ndi lofewa. Ndibweranso Lachisanu.” Anaseka onse awiri n'kuombana m'manja.

Zinagwiratu ntchito, musanyoze. Lachitatu kunabwera anthu atatu. Lachinayi asanu ndi awiri. Lachisanu benchi linadzadza, ndipo Lezala anameta mpaka msana kuwawa, mtima uli mbee. Cha m'ma eyiti koloko usiku womaliza anatuluka. Lezala anatseka chitseko, kukoka chitsulo chamkati, n'kuyamba kusesa tsitsi akuimba kamluzu.

Foni inanjenjemera m'thumba. Inali komenti yatsopano pa tsamba lake, yochokera ku akaunti ya bambo wa chipewa uja. Liwu limodzi lokha: “Ndafika.”

Lezala anaseka n'kumuimbira mlamu wake kuti asiye zibwana. Mlamuyo anayankha ali m'basi, n'kulumbira kuti sanalembe kanthu, ndipo pasiwedi ya akaunti imeneyo anaiwala tsiku lomwe lija. Lezala anadula foni. Mluzu unali utauma pakamwa. Kumbuyo kwake mpando unalira pang'onopang'ono, mmene umalirira munthu wolemera akakhalapo.

Anatembenuka. Pa mpando panali munthu. Ndevu zomwe zija, chipewa chomwe chija, manja ali pa mawondo. Lezala anayang'ana kuchitseko. Chitsulo chinali pamalo pake.

“Bambo, tatseka,” anatero, mawu akutuluka opyapyala ngati a mwana.

“Ndinati ndibweranso Lachisanu,” anayankha munthuyo osatembenuka. “Kapena munanena ndinu?”

Lezala anachita mantha amene sanachitepo chibadwire. Miyendo inafuna kuthawa, koma manja anachita zimene anazolowera zaka zonsezi. Anatenga nsalu, kumufunditsa munthuyo, kumanga kukhosi. Khosilo linali lozizira ngati mpope wa madzi m'mawa. M'chipindamo munayamba kununkha dothi lonyowa.

Anagwira chipewa kuti achivule, koma chinali chitamatirira. Anakoka mwamphamvu, chinachoka ndi phokoso ngati kung'amba nsalu. Mutuwo unali wophwanyika. Kumanzere unali utalowa mkati, pamwamba panali mabala atatu otseguka, tsitsi litaumbana ndi magazi akuda ndi mchenga. Khutu limodzi linkalendewera. Koma atakweza maso kugalasi anaona bambo wabwinobwino wa pa chithunzi uja, wopanda ndi kabala komwe, akumuyang'ana m'maso.

Munthuyo anamuuza kuti amete. Lezala anayatsa mashini. Mashini ankagogoda pa fupa. Atangoyenda pang'ono anatsamwa, mano ake atadzadza magazi ouma ndi timiyala. Anapukuta ndi burashi n'kuyambanso. Ulendo uno mashini anakola m'mphepete mwa bala n'kukoka chikopa, chinasendeka mpaka pamphumi. Munthuyo sanaphethire n'komwe.

M'malo mwake anayamba kulankhula, modekha, ngati kasitomala wocheza za mpira. Anati chithunzi chimenecho mlamu sanavutike kuchipeza chifukwa chinayenda kale m'mafoni ambiri. Chaka chatha wina anachiposita n'kulemba pansi pake kuti uyu ndi wakuba njinga zamoto, mukamuona musamusiye. Iye sanabepo kanthu ka munthu. Anthu anasheya, anasheya, mpaka tsiku lina akutsika basi wina anamuloza. Anamugenda ndi njerwa, ena ndi zitsulo, ena akujambula. Anafa akufunsa chimene walakwa.

“Kawiri tsopano,” anatero, “anthu akulemba pansi pa nkhope yanga zimene ine sindikuzidziwa.”

Lezala anataya mashini n'kuthamangira kuchitseko. Sanafike. Dzanja linamugwira kukhosi chakumbuyo n'kumunyamula ngati mphaka. Nkhope yake inamenyetsedwa pagalasi, kamodzi, kawiri, kachitatu galasi linasweka n'kugwera pansi lonse. Magazi anadzadza m'maso. Anamva dzino likugubuduzika pa lilime. Anakuwa, kuitana mlonda, kuitana mayi ake, koma kanjira kaja usiku sikadutsa munthu.

Anapepesa. Anati afufuta komentiyo pompano, afufuta tsamba lonse, anali mlamu wake, iye anakana. Munthuyo anamufunsa kuti mawu aja anapereka ndani.

Munthuyo anagwira dzanja lamanja la Lezala n'kulitambasula pa shelefu ya zipeso. Analiyang'ana nthawi yaitali, kulitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti ili si lofewa ayi, ndipo iye sakonda kunamiziridwa bodza. Anatola mashini aja pansi, kuwagwira chadodolido, n'kuyamba ndi chala chachikulu. Fupa linalira ngati nkhuni youma. Kenako chamkombaphala. Sanafulumire. Chala chilichonse ankachimenya mpaka chileke kulimba, n'kupita pa chinzake. Pofika pa kachala kakang'ono Lezala anali atasiya kukuwa, akungotulutsa mpweya. Munthuyo anafinya dzanjalo m'chikhatho chake chozizira.

“Tsopano lafewa,” anatero. Lezala sanamvenso china.

Amene anamupeza m'mawa ndi mlonda wa mashopuwo pamodzi ndi mayi wogulitsa zovala pafupi, ataona magazi akutuluka pansi pa chitseko. Anachita kuthyola, chifukwa chitsulo chinali chokokedwa mkati. Lezala anali gone pakati pa tsitsi ndi magalasi, nsalu yometera ili yopindidwa bwinobwino pa mpando. Anthu anadzadza, ndipo monga mwa masiku ano, ojambula anachuluka kuposa onyamula.

Lezala atafotokoza zimene zinamuchitikira, manong'onong'o anayenda m'mashopu monse. Ena ankati malemu wa pa chithunzi uja anali ndi mnzake wobadwa naye mapasa, ndiye anaona chithunzi cha m'bale wake chikutsatsa babashopu n'kubwera kudzalanga. Ena ankafunsa kuti nanga wamapasayo anatulukira pati, poti kachipindako kalibe windo. Mlonda ankalumbira kuti sanaone munthu, koma mlondayo timamudziwa tulo take. Mayi wa zovala sankanena zambiri. Anangosiya kuweruka mochedwa.

Kuchipatala anamanga dzanjalo n'kumuuza Lezala mosabisa kuti zala sizidzapindanso. Iye sanakhulupirire. Patatha mwezi anabwerera ku shopu, ndipo atakhota m'kanjira kaja anaima. Anthu anali pamzere mpaka kumsewu. Kanema wa m'mawa uja anali atayenda dziko lonse la mafoni, tsamba lili ndi anthu masauzande, aliyense akufuna kumetedwa pa mpando wa mzukwa n'kudzijambula. Mlamu anali pakhomo akukonza mzere, akumwetulira, akuti kutchuka kotereku ena amachita kulipira.

Mnyamata wina anakhala pa mpando. Lezala anamufunditsa nsalu ndi dzanja lamanzere, n'kutenga mashini ndi lamanja. Mashiniwo anagwa pansi. Anawatola, kuwakanikiza m'chikhatho ndi dzanja linalo, kuwayatsa. Anagwanso, n'kumazungulira pa simenti akulira. Pa benchi wina anaseka, wina anakweza foni.

Lezala anayang'ana anthu onse aja, amene anawafuna sabata zitatu zathunthu mpaka kusowa tulo, ndipo misozi inangotsika yokha. Anamasula nsalu kukhosi kwa mnyamatayo, n'kumupempha mlamu wake kuti awauze anthuwo azipita, pano palibe wometa.